Timipanda ta Mkuwa pa Sitima Yako

Olievenhoutbosch,
Loweruka masana

Tiyamike mwana wanga,

Usadabwe kuti munthu wokhala naye nyumba imodzi wakulembera kalata. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ukayetsemula uko ine ndimamva kuno, komabe zaka zinayi zapitazi nkhani zako zonse zakhala zikundipeza kudzera mwa amayi ako. Za mayeso, amayi. Za koleji ya ku Durban, amayi. Ngakhale zoti ndasiya nsapato podutsa anthu, umanena ine ndili pompo kuti, "Amayi, auzeni abambo achotse nsapatozi." Ine ndinakwatira mkazi, lero wasanduka positi ofesi. Dzulo anandiuza kuti, "Inu bambo a Tiya, mwanayu akangokwera basi ine ndapuma pa ntchito. Ngati muli ndi mawu, m'patseni nokha." Ndiye mawuwo ndi awa. Mawa ukupita, ndipo chimene ndikuopa ndi chimodzi: kuti ukafika uzikaimba foni ya amayi ako yokha, ine n'kumamvera mawu ako chapatali ngati wailesi ya aneba, mpaka tonse awiri kuzolowera.

Ulemu sunandimane, ayi. Moni umandipatsa, tiyi umandithirira, shuga wake wolondola. Koma chinthu chopangidwa ndi manja ako sunandionetsenso, ndipo nkhani yoposa moni sitinacheze. Chifukwa chake ukuchidziwa, inenso ndikuchidziwa. Ndifikako. Undilole ndizungulire kaye. Paja ndinali mphunzitsi, ife sitiyamba ndi yankho, timaopa kuti piriyodi ingatalike.

Iwe unandidziwa ndili kale mu ovolosi, koma ku Dedza ndinkavala tayi. Ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, ndinaphunzitsa masamu ndi sayansi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikalowa m'kalasi ana ankaimirira. Nditafika ku Joni kuno satifiketi inalowa pansi pa matiresi, ine n'kugwira fosholo ndi payipi ku Centurion kwa mdala wina wachizungu, Oupa Kobus. Iwe ndi amayi ako munanditsatira uli ndi zaka zitatu. Ndikunena izi kuti umudziwe munthu amene analowa m'galaja ya Oupa tsiku lija: wosamalira maluwa amene m'mimba mwake munali mphunzitsi wokwiya.

Ndinkafuna mafuta a makina otchetchera kapinga. Ndinawapeza Oupa akukwawa pa kapeti, matako m'mwamba, tochi pakamwa. Ndinkayesa agwa ndi matenda. Nditati ndiwadzutse, analavula tochi ija n'kukuwa, "Lackson, usaponde! Usapumenso!" Ankafunafuna kachitsulo komangira lamba wa woyendetsa m'kandege ka pulasitiki, kochepa kuposa njere ya mpiru. Ndinakaona kakunyezimira pafupi ndi mwendo wa tebulo, ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kukatola. Mdala anayang'ana chala changa nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja awo, amene anali atayamba kunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo, maluwa ankathiriridwa m'mawa, masana ndinkakhala m'galaja.

Zotsatirazi iwe ukuzidziwa kuposa ine, koma kalatayi amayi ako aiwerenga usanailandire, ndimawadziwa, ndipo iwo mpaka lero amati ndi zidole za azungu. Ndiye mayi, mverani. Oupa amagula mabokosi a tindege, akasinja ndi sitima zankhondo za pulasitiki, zobwera zili zidutswazidutswa zoti umate wekha. Vuto la pulasitiki n'lakuti sangapyapyale kwambiri. Makwerero a sitima, timipanda ta m'mbali totchingira anthu kuti asagwere m'madzi, malamba a woyendetsa ndege, zonsezi zimatuluka zonenepa ngati mitanda ya denga. Ndiye amagula padera kapepala ka mkuwa, kopyapyala ngati lumo. Opanga amajambulapo tizinthu tonseto, asidi n'kudya malo opanda chithunzi, tizinthuto n'kutsala titalendewera pa felemu ndi timichira. Iwe umadula kamchira, kupinda, kupala pulasitiki wonenepa uja, n'kumata kamkuwa m'malo mwake. Basi. Akuluakulu a ndevu zoyera amataya Loweruka lathunthu pa zimenezi, ndipo mwamuna wanu ndi mmodzi wa iwo.

Tsopano Tiya, kulakwa kwanga koyamba kunali bodza laling'ono. Oupa atandifunsa ngati ndinagwirapo ntchito ya mtundu umenewu, ndinati eya. Ndikanati chiyani? Ine wa sayansi, kugonja pamaso pa kamkuwa? Anandipatsa makwerero a sitima kuti ndipinde. Kamkuwa kalikonse kamakhala ndi kamzere kokumbika posonyeza mbali yopindira, koma ine sindinafunse, sindinayang'ane. Ndinapindira kunja. Nditaona kuti masitepe aloza kumwamba, ndinabweza mwakachetechete, n'kupindira m'kati. Kanangoti thyo! Zidutswa ziwiri m'dzanja langa. Pa kapepala konse makwerero a mtundu umenewo anali amodzi okha, ndipo kapepala kena kanatenga miyezi iwiri kuti kafike kuchokera kunja. Oupa sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, mukanafunsa." Dzina limeneli ankanditchula pokhapokha ndikapusa. Ukafika ku koleji, mwana wanga, akakufunsa ngati ukudziwa, pamene sukudziwa uziti sindikudziwa. Uzinena mokweza, anzako aseke, aiwala pofika nkhomaliro. Ine miyezi iwiri ndinkadutsa pafupi ndi sitima yopanda makwerero, tsiku lililonse ikundikumbutsa.

Kulakwa kwachiwiri unakuona ndi maso ako, ngakhale unali wamng'ono. Oupa anandiphunzitsa kuti podula uziika kapepala ka mkuwa pa thailosi, m'kati mwa kajumbo koonekera, chifukwa kamchira kakaduka kachinthuko kamauluka ngati nthata. Tsiku lina ndinali pa changu, ndinati kajumbo n'ka anthu onjenjemera. Ndinadula kachiwongolero ka mfuti ya kasinja, ndinangomva kuti ti! Tinakwawa awiri, ine ndi Oupa, mpaka mawondo kuwawa. Osakapeza. Lamulungu kutchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, amayi ako anandiyang'anitsitsa n'kunong'ona kuti, "Bambo, mwayamba kuvala ndolo m'ndevu?" Anakazula pomwepo ndi zikhadabo, iwe n'kuseka mpaka kukutulutsa panja. Ndiye imva. Pasipoti yako ndi pepala lokuloleza kuphunzira uziike m'kajumbo, kajumboko kakhale ndi malo amodzi, ndipo uzidziwa malowo ngakhale utatsinzina. M'dziko lino mwana wa mlendo sataya pepala. Usadzati zimenezi n'za anthu amantha. Tsiku limene ukudzimva kuti wazolowera ndi limene zinthu zimauluka.

Chachitatu ndi guluu. Supaguluu amafunika kadontho kotengera pa nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, kongokwana kunyowetsa. Ine ndinkaona ngati n'kochepa. Pomata malamba mu ndege ina imene Oupa anaivutikira miyezi itatu, ndinawonjezera kadontho kachiwiri, kachitatu, kuti zigwire bwino, kenako tinatseka galasi la woyendetsa. M'mawa mwake galasi lonse linali litayera m'kati ngati muli chifunga. Nthunzi ya guluu. Malamba anagwiradi, koma panalibe amene akanawaonanso. Nditawafotokozera amayi ako, sanandimvere chisoni. Anati, "Ndi mmene mulili. Mwana ali giredi 9 mukumuperekezabe mpaka pageti la sukulu, anzake akumuseka. Chilichonse inu mpaka muthire kawiri." Ndinakwiya masiku awiri chifukwa ananena zoona. Apa langizo ndilibe loti ndikupatse, ndi langa ndekha. Ndingolonjeza kuti sindidzatulukira ku Durban mosayembekezeka ndi thumba la mbatata kudzaona ngati ukudya.

Ndazungulira mokwanira. Piriyodi yatha, tiyeni pa nkhani.

Unayamba kubwera kugalaja Loweruka uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ako akakhala ku ntchito ku Laudium. Sindinakuphunzitse kwenikweni, unkangoonerera n'kumachita. Manja ako anali odekha kuposa anga, ndipo Oupa ankakonda kunena zimenezi ine ndikumva. Utakwanitsa zaka khumi ndi zisanu anakupatsa bokosi lakolako, sitima yankhondo yaitali ngati mkono wako, n'kunena kuti uilowetse pa mpikisano wa kalabu yawo, m'gulu la ana. Lamulo la gulu limenelo linali limodzi: ntchito yonse ikhale ya mwanayo. Unaipanga miyezi inayi. Ndikayandikira unkaitchinga ndi chigongono n'kunena kuti, "Eish, Abambo, pitani mukathirire maluwa." Kapepala ka mkuwa Oupa anakupatsa, koma iwe unati timipanda ta mkuwa sunatizolowere, ugwiritsa ntchito ta pulasitiki ta m'bokosi, chaka chamawa ndiye udzayesa. Anali maganizo a munthu wanzeru. Ine ndinawaona ngati mantha.

Loweruka lomaliza mpikisano usanachitike unapita ku Ga-Rankuwa ndi kwaya. Sitima inali itatha, utaivundikira ndi katoni pa tebulo la m'galaja. Oupa anali kwa mwana wawo. M'mawa ndikutuluka, amayi ako anandiitana pakhomo.

"Bambo a Tiya."

"Mayi."

"Sitima ya mwana musakaikhudze."

"Aaa, ine ndikhudzirenji? Ndikangothirira."

"Ndakuonani mmene mumaiyang'anira. Ngati galu pa butchala."

Ndinaseka, n'kupita. Ndinathiriradi. Kenako ndinati ndingovundukula, kuyang'ana si kukhudza. Inali yokongola, Tiya. Utoto unakhala bwino, mfuti zinaloza kumodzi. Koma timipanda tinali tonenepa, ndipo kutsogolo, pamene sitima imasongoka, kampanda kamodzi kanapendekeka. Pafupi ndi chumuni panali chidindo cha chala chako pamene unagwira utoto usanaume. Ndinati ndingowongola kopendekekako. Pokawongola kanathyoka. Apa ndi pamene munthu wabwino akanaima, n'kudikira mwini wake, n'kunena kuti ndathyola, pepa. Ine ndinayang'ana kapepala ka mkuwa kali pambali kosatsegula, ndipo sindikunamiza, mtima wanga unasangalala kuti kathyoka.

Lamulo la ntchitoyi limene ndinakuuza ine mwini kambirimbiri ndi lakuti usapale pulasitiki usanatsimikize, chifukwa ukapala sabwerera. Ndinatenga lumo. Ndinapala timipanda tako tonse, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Tizidutswa tinkagwera pa tebulo ngati mamba a nsomba. Ndinayatsa kandulo, ndinatenthetsa mkuwa kuti ufewe, ndinaukulungiza pa cholembera kuti ukhote motsatira mphuno ya sitima. Guluu ndinaika kadontho kamodzikamodzi, tsiku limenelo sindinawonjezere. Ndinapenta. Chidindo cha chala chako chija ndinachikwecha, n'kupakapo utoto. Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, chimene chimandiwawa kwambiri lero ndi chimenecho. Inali ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Ndinavundikira katoni, ndinasesa, n'kubwera kunyumba ndikuimba mluzu. M'mutu mwanga ndinkaona iwe ukuvundukula n'kundikumbatira.

Sitima tinapita nayo ili chivundikire, ndiye unakavundukulira mu holo ya mpikisano, anthu atadzaza. Unangoima katoni ili m'manja. Ine ndinali kumbuyo kwako nditavala jekete la ukwati, ndikumwetulira ngati wogulitsa inshuwalansi. Woweruza anali bambo wina wamtali wovala magalasi okulitsira pamphumi. Anawerama pa sitima yako nthawi yaitali, kenako anakufunsa kuti, "Kamtsikana, kutsogoloku wakhotetsa bwanji osathyola? Unatenthetsa kaye?" Unatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti vomera. Oupa anali chapafupi, azungu a kalabu atazungulira, ine mlendo wothirira maluwa amene analoledwa kulowa chifukwa cha iwo. Unaziona zonsezo, unadziwa zimene zikanandichitikira ukanati ayi. Unati, "Eya, ndinatenthetsa." Mwana amene sanandinamizepo ngakhale za shuga, ndinamunamitsa pamaso pa anthu kuti anditeteze. Anakupatsa chikho. Ana ena amene anavutika okha ndi timipanda tawo topindika anakuombera m'manja.

Potsika takisi chikhocho unachisiya pa mpando. Mayi wina wonenepa anatithamangira akukuwa m'Chipedi, chikho chili m'mwamba. Unamuuza mwaulemu kuti, "Si changa, mama. Ndi cha abambo awa." Ndinachinyamula ine mpaka kunyumba, aneba akundiyamikira. Titalowa unandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, mukanangondiuza kuti ndi yonyansa." Ndinayankha kuti, "Iwe, ndangokonza pang'ono." Amayi ako anaika supuni pansi. "Pang'ono? Munthu wopita kukathirira maluwa n'kubwera dzuwa litapendeka, zala zili gwa ndi guluu?" Iwe unalowa kuchipinda. Kugalaja sunapondekonso.

Lolemba Oupa anandidikirira pakhomo la galaja. Anati, "Lackson, timipanda tija ndi tako. Dzanja lako ndimalidziwa ngati siginecha. Nee man, ayi, sunayenera kutero, sinali sitima yako." Mphunzitsi wa m'mimba uja anadzuka. Ndinaloza kabati yawo ya magalasi n'kunena kuti, "Nanga zikho zili umu, Oupa? Dzina ndi la ndani, manja ndi a ndani? Zaka zonsezi timkuwa akupinda ndani?" Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Analowa m'nyumba. Ndinathirira maluwa tsiku limenelo ngati ndikutsanzikana nawo, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Sinathe. Pa mpikisano wotsatira, kakhadi ka pambali pa ndege yawo kanali ndi mayina awiri. Langa analilemba molakwika, koma linalipo, ndipo anaimirira pamaso pa anzawo n'kunena kuti za mkuwa zonse ndi za bambo uyu. Mdala wonjenjemera manja anakonza mlandu wake m'chaka chimodzi. Ine wa satifiketi zanditengera zinayi, ndiponso mpaka mkazi wanga kuopseza kuti asiya ntchito ya positi ofesi.

Ukuona tsopano chimene chinali pansi pake. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinachita chifukwa chokukonda, kuti ndinkafuna upambane. Mwina pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti ndinkafuna azungu aja awerame ndi magalasi awo pa ntchito yanga, adabwe, ndipo pa kakhadi pakhale dzina la kwathu. Langa silikanalowa, ndiye ndinabwereka lako osapempha. Ine amene ndinkadziwa kuwawa kwake kwa ntchito ndi dzina zikasiyana, ndinakuchita zomwezo, kungozitembenuza. Ndipo pobwereka dzinalo ndinataya miyezi yako inayi m'bini pamodzi ndi fumbi.

N'chifukwa chiyani sindinapepese? Ndinayesa, mwa njira za abambo a kwathu. Ndinakubweretsera bokosi lina la sitima, lili pamwamba pa wadiropu mpaka lero, pulasitiki wake wosang'amba. Ndinakugulira chipisi Lachisanu lililonse kwa mwezi wathunthu, iwe n'kumagawira ana a aneba. Ndinauza amayi ako kuti akuuze kuti ndikudandaula, iwo anati, "Pakamwa panu pamatidwa ndi guluu?" Mawu enieniwo ankafika pammero n'kubwerera. Abambo anga sanandipepesepo, aphunzitsi anga sanandipepesepo, ndipo ine m'kalasi ndikalakwitsa samu pa bolodi ndinkati ndimafuna ndione ngati muli maso. Munthu wotero kumuuza kuti agwade kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu! Ndinkati chaka chamawa aiwala. Chaka chamawa chinabwera kanayi.

Ndiye ndilembe, poti polemba mmero sugwira ntchito. Pepa, Tiyamike. Ndinalakwa. Sindinakonze pang'ono, ndinawononga. Sitima yako sinali yonyansa. Inali ndi timipanda tonenepa, kamodzi kopendekeka, ndi chala chako pa utoto, ndipo mwina sikanapambana. Ukanabwera kunyumba wopanda chikho, ukanadandaula sabata imodzi, chaka chotsatira ukanapinda mkuwa wekha n'kuthyola makwerero ako monga ndinathyolera anga. Zimenezo ndi zimene ndinakulanda. Bodza lija la mu holo si lako, ndi langa, usalinyamule kupita nalo ku Durban.

Amayi ako atandiuza kuti wasankha kuphunzira kupanga mano oikirira, ndinatuluka panja ngati ndikukaona nyengo. Sindinafune aone nkhope yanga. Ndinkaopa kuti ndinakudanitsa ndi ntchito ya manja mpaka kalekale, kuti udzasankha ya m'maofesi pongofuna kundithawa. Koma taona, wapita ku tizinthu ting'onoting'ono tomwe, kachopanira m'dzanja, magalasi okulitsira pamphumi. Kusiyana kwake n'kwakuti zako anthu azidzatafunira chimanga chokazinga, pamene zanga zimangokhala m'kabati kudikira fumbi. Amayi ako akuti pomaliza m'banja muno mwapezeka wopanga zidole zothandiza.

Kumeneko ukapeza anthu onga ine, ndikuchenjeze. Sakhala ankhanza, ndiye vuto lake. Ndi anthu okoma, aluso, amene sapirira kuona chinthu chopindika. Mphunzitsi wina, mnzako wa m'kalasi, kapena kamnyamata kena kofuna kukusangalatsa, adzati bweretsa ndikuchitire, taona nthawi yatha. Ukane. Umuuze akuonetse pa chidutswa china, chako ugwire wekha. Ngakhale chake chitakhala chokongola kuposa chako, ukane. Ngakhale atakhala wokukonda, makamaka ameneyo. Ndipo tsiku limene iwe udzakhale waluso, chifukwa udzakhala, manja ako adzayamba kuyabwa ukaona ntchito ya wina. Ndi magazi, pepa, unatengera. Ukadzamva kuyabwako uzikumbukira bambo ako mu jekete la ukwati, akumwetulira kumbuyo kwa mwana amene akumira.

Chinanso unatengera kwa ine ndi kusunga mawu m'mimba. Sindikukudzudzula, unali ndi chifukwa, ndipo woyenera kuyamba ndinali ine. Koma kumene ukupitako kulibe amayi ako oti azinyamula mauthenga. Wina akakulakwira, umuuze sabata yomweyo, ngakhale mawu atatuluka okhotakhota. Iwe ukalakwira wina, usamugulire chipisi.

Zina ndi zomwe amayi ako akuuza kale kakhumi. Upeze tchalitchi. Agogo ako ku Dedza uziwaimbira, ndipo uziyankhula Chichewa chenicheni, osati chija umasakaniza ndi Chizulu mpaka iwo kumandifunsa ngati uli ndi chimfine. Nyanja ya kumeneko si dziwe la kwa Oupa, uziiopa.

Tsopano za lero. M'mawa uja poyesa kunyamula sutikesi, chogwirira chinazuka mbali imodzi. Sindikudabwa, amayi ako alongedza ngati ku Durban kulibe sopo. Unatenga waya wa hang'ala ndi chopindira changa, n'kukhala pansi. Ine ndinaima pakhomo. Sunandione, koma ndinalowetsa manja m'matumba n'kugwira nsalu ya m'kati mwamphamvu. Ndinkaona kuti wayawo waulowetsa mbali yolakwika. Ndinkaona kuti ukanayamba waupinda kawiri. Amayi ako anandiponyera diso lija limene limazimitsa ngakhale wailesi. Ndiye iwe, osatembenuka, unati, "Abambo, gwirani apa."

Sunati amayi auzeni. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali abambo ena.

Ndinagwada, ndinagwira pamene unaloza, osasuntha chala. Unapota waya wako mpaka kumaliza, n'kubwerera m'mbuyo kuti uone.

Unandifunsa kuti, "Chapindika, eti?"

"Chapindika."

"Chigwira?"

"Sindikudziwa."

Unaseka pang'ono, kotulukira m'mphuno, n'kupita kukasamba m'manja. Ine ndinatsala chogwada, ndikugwirabe sutikesi imene sinkafunanso kugwiridwa.

Kenako inu awiri mwapita ku Laudium kukatsanzika kwa abwana a amayi ako, n'kundisiya ndekha m'nyumba ndi sutikesiyi. Sindikudziwa ngati mwachita dala. Ngati ndi nzeru za amayi ako, ndi mayeso ankhanza kuposa onse amene ndinalembetsapo ana. Ili apo pakona, waya wake waloza kudenga ngati nyanga ya mbuzi. Mphindi khumi zikanandikwanira. Ndisabise, chopindira ndinachitola kawiri. Kachitatu ndinatuluka nacho n'kukachipereka kwa a Yusufu a shopu, aja a ku Mangochi, n'kuwauza kuti asandibwezere mpaka Lolemba ngakhale nditabwera ndikulira. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kunyumba kuli mtendere?" Ndinati ndi umene ndikufunawo. Pobwerera ndinagula envelopu ndi mapepala, kuti manjawa apeze chochita mpaka mubwere. Ukaona kalatayi yatalika, dziwa kuti mwachedwa.

Mawa ku siteji ya basi ya Bosman sutikesi ndinyamula ine, ndipo ndinyamulira chogwirira chakocho. Chikazuka, titola sopo wa amayi ako pamsewu tonse atatu, anthu aseke. Chikafika pa basi chili chilumikizire, kuyambira pamenepo sindidzaonanso, ndidzangodalira kumva.

Ukafika undiuze ngati chagwira. Undiuze ineyo.

Ndine bambo ako,
Lackson